Bala la abambo anga lamatidwa pulasitala yosalowa mpweya, ndiichotse?

Wofunsa (dzina labisika), Mtendere: Ndapota nanu a pagulu, ndithandizeni nzeru. Abambo anga ali ndi bala pamwendo, ndipo ku kiliniki anawamata pulasitala yokhuthala yosalowa mpweya, n'kutiuza kuti tisaichotse mpaka Lachisanu. Tsopano m'mphepete mwake mukutuluka madzi achikasu onunkha. Alamu anga amene analonjeza ndalama ya basi sakuyankhanso foni, eni nyumba akufuna lendi, ndipo magetsi akuzimazima moti usiku balalo ndimaliunika ndi foni. Ndiichotse kapena ndidikire?

Bambo wa ku Matero: Chotsani lero lomwe! Bala limafuna mphepo kuti liume. Ife tinakulira GV ndi madzi amchere, ndipo miyendo yathu yonse ilipo.

Namwino wopuma, Chelstone: Abambo, mu 1962 wasayansi wina, George Winter, anaonetsa pa nkhumba kuti bala lokhala ndi chinyezi limatseka msanga kuposa louma ndi nkhanambo. Pulasitala yokhuthala ya mtundu wotchedwa hydrocolloid ikayamwa madzi a m'bala imapanga phala lachikasu lonunkha limene ambiri amaliyesa mafinya, ndipo imatha kukhala masiku 7. Koma wofunsa simunatiuze chimene chinawavulaza, kapena ngati abambo ali ndi matenda a shuga. Bala lolumidwa ndi galu, lobayidwa ndi msomali, kapena limene lagwidwa kale ndi tizilombo sitilitseka chotere.

Bambo wa ku Matero: Amayi, ndiye anthufe mwatiyesa nkhumba? Zonsezi ndi malonda a eni mafamase basi.

Mayi wa ku Kanyama: Malangizo ngati anuwo, abambo, ndi amene anandipakitsa mankhwala otsukira mano mwana wanga atapsa ndi phala, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero. Wofunsa, nkhani za alamu sitiulula pagulu.

Msilikali wakale, Chilenje: Ife tinaphunzira kuti bala lobowola chifuwa limamatidwa mbali zitatu, yachinayi n'kusiyidwa kuti mpweya uzitulukira.

Bambo wa ku Matero: Mwamva? Ngakhale asilikali amasiyira mpweya khomo!

Namwino wopuma: Chifuwa ndi nkhani ina. Ngati mwendo watupa, ukutentha, kufiira kukufalikira, kapena abambo atentha thupi, pitani nawo ku kiliniki lero, ndipo mukafunsenso za katemera wa kafumbata.

Wofunsa: Zikomo nonse. Alamu aja ayankha, akuti atumiza ndalama kumapeto kwa mwezi.

Namwino wopuma: Nanga za shuga zija?