Za kuyimbira basketball pa ukulu uno: ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija, loti kodi munthu wa zaka 47 angayambe kuyimbira basketball kapena nthawi inamupitirira. Ambiri munati ndiyambe ndathamanga ndisanagule wezulo. Ndinamvera. Miyezi iwiri ndakhala ndikukwera phiri la Kanjala m'mamawa, ndipo sabata yoyamba mawondo anandidandaula kwambiri.

Koma langizo la amayi ena mwa inu loti ndikhale kaye pa tebulo la olemba zigoli ndilo landithandiza koposa. Masewero anayi ndinkangolemba zigoli ndi kusunga nthawi. Apa m'pamene malamulo a FIBA, bungwe loyang'anira basketball padziko lonse, analowa m'mutu: zigawo 4 za mphindi 10, masekondi 24 oti timu iponye, masekondi 8 oti idutse mzere wapakati, ndipo wolakwa kasanu atuluke.

Loweruka lapitali ndinayimbira koyamba, masewero a ana a sukulu konkuno ku Chipata. Kulakwitsa ndiye ndinalakwitsa. Maso anga ankangolondola mpira ngati wochemerera, chonsecho pansi pa ringi anyamata akukankhana. Woyimbira mnzanga, mwana woti ndingamubereke, anandinong'oneza pa nthawi yopuma: "Atate, usiyeni mpirawo, yang'anani otchinga." Zinandiwawa pang'ono, koma sananame.

Inu ofuna kuyamba, yesererani zizindikiro za manja pagalasi, chifukwa m'phokoso lija a pa tebulo mawu anu sawamva. Komanso nsapato zatsopano musapite nazo pa bwalo la simenti, ine matuza ndikadali nawo mpaka lero.