Mixtape ya mfana wa ku Chikanda yadya ma claim, akuti ndibweze ndalama

Wa ku Matawale:
Akuluakulu ndithandizeni mutu ukuwawa. Mfana wina wophunzira, amachita lendi ku Chikanda kuno ku Zomba, ndinamujambula mixtape ya nyimbo 9 mwezi watha, mabiti anabwera nawo yekha pa flash, ena ndi ma instrumental a nyimbo za ku America zodziwika kale, ena ndi aja olembedwa free type beat pa YouTube (mabiti ophikidwa motengera sitayilo ya woimba wotchuka) anangowatsitsa ndi converter, ka mp3 ka 128 kondivutitsa pa mix mpaka usiku magetsi akuthimathima. Ine yanga inali vocals, mix ndi master basi, K15,000 nyimbo imodzi. Pano waiponya pa YouTube, zisanu ndi imodzi zadya claim (YouTube ikuti mabitiwo ali ndi eni ake), imodzi aitsekeratu, distributor, kampani yotumiza nyimbo ku ma app omvererapo, nayenso wakana kuipititsa ku Spotify ndi Boomplay akuti tione licence ya biti. Ndiye mfana uja akuti ndimubwezere ndalama poti ndine producer ndinayenera kudziwa. Chondiwawa kwambiri tag yanga, kamawu kotchula dzina langa ngati producer, ili kumayambiriro kwa nyimbo zonse. Ndikweze pitch ndi tempo mwina Content ID, makina a YouTube ozindikira nyimbo za eni, siimva? Kapena ndiphike mabiti atsopano pansi pa vocals zomwezo? Ma session onse ndikadali nawo mu FL Studio, pulogalamu yomwe ndimajambulira.

DJ wa ku Chinamwali:
Aise palibe nkhani apa. Mixtape ndi yaulere, sakugulitsa, ndiye mlandu uchokera pati? Lil Wayne anatchuka ndi chani ngati si kudumpha pa mabiti a anzake? Muuzeni achite dispute, atsutse claim ija, alembe kuti non profit, aike dzina la mwini biti mu description, yatha.

Mayi wa ma keys:
Achimwene a ku Chinamwali musamuponye mnzanu m'dzenje. Claim ndi strike ndi zinthu ziwiri. Claim ikabwera nthawi zambiri mwini biti amangotenga ndalama za ma ads kapena kuitseka vidiyoyo, channel imakhala ili bwinobwino. Koma ukachita dispute ulibe pepala lililonse, mwiniwake akhoza kutumiza takedown, imeneyo ndiye strike, zikakwana zitatu channel yonse yapita. Kulemba dzina la munthu mu description si chilolezo, kuli ngati kutenga njinga ya neba n'kumauza anthu pamsewu kuti ndi ya uje.

DJ wa ku Chinamwali:
Koma asisi ndalama yake iti imene wabedwa mwini bitiyo? Mfana wa ku Chikanda ma views ake sakwana ngakhale 500.

Madala a Cubase:
Zaulerezo ndiye zinamugwetsera mlandu Mac Miller, rapper wa ku America. 2012 Lord Finesse, amene anaphika biti, anamusumira $10 million chifukwa cha instrumental yomwe anaimbapo pa mixtape yogawa ulere, mfundo yake inali yoti waulereyo ndi amene anakupangira dzina n'kumadzaza ma show. Anakagwirizana kunja kwa khoti. DJ Drama nayenso, yemwe uja wa ma mixtape a Wayne, apolisi anamumanga ku Atlanta January 2007 n'kulanda ma CD ambirimbiri mu studio. Ndiye amene mukuwatchulawo sikuti lamulo linkawalola, ma label ankangoyang'ana kumbali pomwe zinkawapindulira.

Ine zinandionekera mbali inayo. Ndinaphika biti kalekale tili ndi ka studio ku Mpondabwino, ndinapatsa mnyamata wina kuti akayeserere kunyumba, patapita miyezi ndikukwera minibasi ya ku Limbe ndikumva biti yanga pa sipika, woimba wina amene sindinamuonepo, tag anaidula. Inali itafalikira kale m'ma burning centre onse, aliyense ali nayo mu memory card. Ndinakhala chete mpaka pa Namadzi kondakitala akufunsa ngati ndadwala. Ndiye mukamati mwini biti sanabedwe kanthu ine ndimangokuyang'anani.

Wa ku Matawale:
Pepani madala. Koma za pitch zija palibe wayankha

Mayi wa ma keys:
Osayesa. Mwina ipulumuka sabata imodzi mwina ayi, koma ngakhale makina asaimve nyimbo ikadali ya eni ake, ndipo vocals zamfanayo zimveka ngati wameza baluni. Komanso dziwani kuti kuimbanso biti yomweyo ndi manja anu sikuthetsa zonse. Pali umwini wa recording, pali umwini wa nyimbo yeniyeniyo, melody ndi kapekedwe kake. Mukaiseweranso note ndi note mwathawa woyamba koma wachiwiri akadali pakhosi panu. Ngati mukuphika, phikani yanuyanu, mungosunga BPM ndi key kuti vocals zikhale.

Aja a type beat ndi osavuta, ambiri ali pa BeatStars, website yogulitsira mabiti, free imene amalembayo kawirikawiri ndi ya non profit yokha, tag osachotsa. Mfanayo agule lease, chilolezo cholipira chogwiritsira ntchito biti, Lil Nas X biti yomwe inamutchukitsa anaigula $30 kwa mnyamata wa ku Netherlands. Koma awerenge pepalalo, ma lease ambiri ali ndi malire a ma streams ndipo amaletsa kulembetsa nyimboyo ku Content ID. Vuto likhala kulipira kwake poti zimafuna khadi kapena PayPal, si za Mpamba izi.

DJ wa ku Chinamwali:
$30 kuchulukitsa ndi nyimbo zingati, mwana wasukulu wodya chips cha pachiwaya ndi soya pieces? Inu mukufuna hip hop ya ku Zomba ife. Ine ndikuti aike pa Audiomack ndi ma group a WhatsApp, yaulere, palibe amene adzachoke ku New York kudzafuna munthu ku Chikanda.

Wa ku Sadzi:
Audiomack nawonso amachotsa mwini akadandaula, inandichitikira. Koma ine changa ndi tag. Bwana a ku Matawale chotsani tag yanu pa biti yomwe simunaphike, ma producer anzanu akaimva adzati mumaba, dzina limenelo silichoka msanga tauni yaing'ono ngati ino. Komanso asayerekeze kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loona za copyright kuno kwathu, nyimbozo ngati zake zonse, kumeneko umanena amene anapeka, ndipo lamulo lathu la copyright la 2016 silinati za kunja ndi zotola. Ine masiku ano aliyense wobwera ndi biti yake amasaina kapepala kuti biti wabwera nayo yekha ndipo za chilolezo ndi zake, anthu amaseka koma ndimagona tulo.

Madala a Cubase:
Ndalama musabweze, ntchito munagwira. Koma kunena zoona munayenera kumuchenjeza tsiku lomwe anatulutsa flash ija, ife akale timadziwa, ana awa amaona ngati chilichonse chotsitsika ndi chaulere.

DJ wa ku Chinamwali:
Chabwino koma wina anditchulire munthu mmodzi yekha kuno kwathu amene anamangidwa chifukwa cha mixtape yaulere. Mmodzi yekha.

Wa ku Sadzi:
Kapepala kaja ndikakapeza ndiponya pano.