Gulu la banja: Loweruka kwa agogo ku Mufakose

Lachiwiri madzulo

Mayi a Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani usiku, koma yandikhala pamtima. Chisomo wabwera ndi zotsatira za mayeso oyeserera. Masamu wakhoza, Chingerezi wakhoza, koma History ndi Heritage Studies wagwa nazo. Novembala ali pakhomo ndipo ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, siidikira munthu.

Mayi a Chisomo: Chandipweteka kwambiri si malikisi ayi. Panali funso la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndamufunsa kuti Nyasaland ndi kuti, akuti kaya ndi cha ku Kenya. Mdzukulu wa munthu wa ku Ntcheu ameneyu!

Chisomo: Amayi, mpaka pagulu? Palibe anandiuzapo kuti ndi Malawi yemweyo.

Aphunzitsi: Mng'ono wanga, usamukalipire mwana, wanena zoona. Ndani mwa ife anakhalapo naye pansi n'kumufotokozera? Chisomo mwanangu, tamvera. Chitaganya chinayamba mu 1953, chinatha pa 31 Disembala 1963. Anamanga pamodzi maiko atatu: Southern Rhodesia yomwe ndi kuno ku Zimbabwe, Northern Rhodesia yomwe ndi Zambia, ndi Nyasaland yomwe ndi Malawi. Likulu linali mumzinda uno wa Harare, nthawiyo ukutchedwa Salisbury. Azungu a kuno ankafuna mkuwa wa ku Zambia ndi manja a anthu a ku Nyasaland oti azilima fodya ndi kukumba m'migodi. Ena mwa manja amenewo ndi a agogo ako aja akhala pakhonde ku Mufakose.

Bambo a Tadala: Ndiye vuto si la Chisomo yekha. Tadala ali Form 2 koma ndikamufunsa kuti agogo anafika bwanji kuno amangoti pa basi. Bwanji tisonkhanitse ana onse tsiku limodzi kwa ababa, amve okha?

Achimwene Aakulu: Mwaganiza bwino. Loweruka likubwerali ndili pakhomo. Koma mubwere m'mawa. Ababa mutu umayenda bwino dzuwa lisanakwere, akadya nsima ya masana ndiye kuti tulo basi.

Mayi a Chisomo: Achimwene, sindikukana, koma ine nkhawa yanga ndi pepala la mayeso. Nkhani za ababa ndi zokoma, koma wochonga safuna kudziwa kuti anawoloka Zambezi pa chiyani. Akufuna zaka ndi zifukwa.

Aphunzitsi: Zaka zimagwira m'mutu mwa mwana zikakhala ndi nkhope ya munthu. Ndaphunzitsa ana ambiri, ndaziona. Tigawe tsikuli pawiri. M'mawa ababa, ine ndizilemba pa bolodi chaka chilichonse chomwe atchule ndi kuchilumikiza ndi silabasi. Masana mapepala a mayeso akale, ndidzawachonga pompo.

Mayi a Chisomo: Chotero ndavomera.

Lachitatu m'mawa

Achimwene Aakulu: Ndawauza ababa. Asangalala zedi, mpaka anandituma ndiwatsitsire sutikesi yachitsulo ija ili pamwamba pa wadirobu. Muli chitupa chawo chakale cha m'nthawi ya azungu, chopindidwa panayi, m'mbali mwake mwadyeka, chala chawo chadindidwa pakona. Muli ndi kalata ziwiri zochokera kumudzi zolembedwa ndi pensulo. Akuti ana adzazigwire ndi manja osamba.

Achimwene Aakulu: Ayamba kale kukamba, sindinawaletse. Akuti ananyamuka ku Ntcheu mu 1957, kudutsa ku Tete, kuwoloka mtsinje mlatho usanamangidwe, kulowera ku Mutoko. Malole a Ulere ndiwo ankanyamula anthu opita kukagwira ntchito osalipira kanthu, ena ankalembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Akuti chinawathamangitsa kumudzi ndi msonkho, ndalama yake kunalibe koipeza. Anati akagwira zaka ziwiri, agule njinga ndi bulangete abwerere. Kumudzi anawawerengera m'gulu la matchona.

Asuweni a ku Blantyre: Moni nonse kumeneko. Nkhaniyi yandikoka. Muwafunse amalume za Inkosi Gomani, aja a Philip Gomani. Mu 1953 anakana Chitaganya poyera, nauza anthu awo asamvere malamulo a boma a malimidwe, boma n'kuwachotsa pa ufumu. Amalume nthawiyo anali mnyamata, ayenera kuti akukumbuka momwe mudzi unagwedezekera. Ndipo bambo wa mfumuyo, Gomani woyamba, anaphedwa ndi azungu mu 1896.

Aphunzitsi: Asuweni mwandithandiza. 1896 ndi chaka chomwe Chimurenga choyamba, nkhondo yoyamba yolimbana ndi atsamunda, chinabuka kuno. Chisomo, lemba: Rudd Concession 1888, pamene Lobengula, mfumu ya Andebele, anapusitsidwa pa nkhani ya migodi. 1890 gulu la azungu la Cecil Rhodes lifika n'kukweza mbendera pamalo pomwe lero pali Africa Unity Square. 1896 mpaka 1897 Andebele ndi Ashona adzuka chifukwa cha malo, ng'ombe zolandidwa, msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza. Mbuya Nehanda ndi Sekuru Kaguvi, atsogoleri a zamizimu pa nkhondoyo, anapachikidwa mu 1898. Chifanizo cha Nehanda umachidutsa pa mphambano ya Samora Machel ndi Julius Nyerere ukamapita m'tauni. Pamene kuno kunkayaka moto, kwa agogo ako nakonso mfumu yawo inkaphedwa. Mwana akaziona choncho saiwala.

Asuweni a ku Blantyre: Muonjezepo John Chilembwe, Januwale 1915, ku Chiradzulu. Anakana thangata m'minda ya azungu, anakananso kuti anthu akuda azikafera nkhondo ya azungu ya 1914 yomwe sankadziwa chiyambi chake. Kuno nkhope yake ili pa ndalama, ndidzatumiza chithunzi ana aone.

Tadala: Azakhali, nanga Kamuzu akulowa pati? Agogo amamutchula kawirikawiri.

Aphunzitsi: Funso labwino mwana wa achimwene. Kamuzu Banda anabwerera ku Nyasaland pa 6 Julayi 1958 kudzathetsa Chitaganya. Pa 3 Marichi 1959 boma la atsamunda linagwira atsogoleri a Nyasaland African Congress, ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu omwe anasonkhana padoko. Ndiye chifukwa chake ku Malawi 3 Marichi ndi tsiku lokumbukira ofera dziko. Tsono Kamuzuyo anakamutsekera kuti? Kuno, kundende ya Gwelo, Gweru wa lero, mpaka Epulo 1960. Ena anawatsekera ku Khami kufupi ndi Bulawayo. Mbiri ya maiko awiriwa siilekanitsika, ngakhale mabuku amailemba padera. Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Kuno Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu, anakana njira imeneyo, pa 11 Novembala 1965 analengeza ufulu wa azungu okha, ndiye nkhondo yachiwiri yomenyera ufulu inatsatira.

Achimwene Aakulu: Za nkhondo yachiwiriyo ine ndingathandizeko, ndinali wamkulu ndithu. Tinali pafamu ina cha ku Bindura ababa akugwira ya fodya. Antchito a pafamu tinali pakati. Usiku abwera anyamata a m'tchire akufuna chakudya, akuti mukugwirira mzungu ndinu ogulitsa. Kukacha abwera asilikali a Smith akufunsa mwaphikira ndani. Amayi ankazimitsa moto dzuwa likangolowa, tonse kugona pansi kutali ndi zenera, osatsokomola. Ashona anali ndi kumudzi kothawira ngakhale kunali kowawa. Ife kumudzi kunali kutsidya la malire awiri. Zimenezi m'buku simudzazipeza, koma ana adziwe.

Aphunzitsi: Mudzakambe zimenezo achimwene, ine ndidzaika zaka. Nkhondo ya pa Chinhoyi 1966, kuukiridwa kwa misasa ya Nyadzonia 1976 ndi Chimoio 1977, magulu omenyera ufulu a ZANLA akulowera ku Mozambique, a ZIPRA ku Zambia, mgwirizano wa Lancaster House Disembala 1979, ufulu 18 Epulo 1980 mbendera ikukwera ku Rufaro ku Mbare. Ndipo muzu wa zonse ndi malo. Land Apportionment Act ya 1930 inapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la dziko, nthaka yabwino yokhayokha. Chisomo, funso la zifukwa za nkhondo likabwera, uyambire pamenepo.

Chisomo: Ndalemba mayi aakulu. Koma chomwe chimandisokoneza kwambiri ndi za boma. Senate ndi National Assembly ndimaziphatikiza.

Aphunzitsi: Boma lili ndi nthambi zitatu. Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo. Pulezidenti ndi nduna zake amayendetsa dziko motsatira malamulowo. Makhoti amaweruza, ndipo pa nkhani za malamulo aakulu a dziko mawu omaliza ndi a Constitutional Court. Anazigawa dala kuti mphamvu zisakhale m'manja amodzi. Nyumba ya Malamuloyo ili ndi zipinda ziwiri. National Assembly ili ndi aphungu 280: 210 osankhidwa m'madera, 60 amayi, 10 achinyamata. Senate ili ndi anthu 80, mwa iwo 18 ndi mafumu. Masiku ano amakumana kunyumba yatsopano ku Mount Hampden. Zina tidzajambula pa bolodi.

Achimwene Aakulu: Achemwali, pa za boma pomwepo ndili ndi pempho. Ndidzabweretsa chitupa changa chakale chija cholembedwa ALIEN, kutanthauza wobwera. Ndinabadwira kuno, mchombo wanga uli m'nthaka ino, ku Malawi ndinangopitako ku maliro. Koma itasintha nkhani ya unzika mu 2001 ndinakafika pamalo oponyera voti n'kubwezedwa, anzanga omwe ndinakula nawo akuona. Ndinabwerera kunyumba osalankhula ndi munthu. Ana aone chitupacho, adziwe kuti malamulo a dziko si nkhani ya mayeso yokha.

Aphunzitsi: Bweretsani. Ndidzawawerengera gawo 43 la malamulo aakulu a 2013. Limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye akukhala konkuno, ndi nzika yobadwa. Ndi gawo limenelo lomwe linakubwezerani voti yanu. Ndidzawawerengeranso gawo 6, lomwe lili ndi zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, Chichewa chili momwemo. Tadala, wina akadzakunena kusukulu kuti ndiwe wobwera, udzamuuze gawo lake.

Mayi a Chisomo: Ine mpaka pano ndimasunga risiti ya tsiku lomwe ndinakasintha changa. Ndinaima pamzere kuyambira mbandakucha.

Lachinayi

Mayi a Tadala: Alamu, ndakhala chete ndikuwerenga. Ndili ndi langa. Mwafika 1980 n'kuima. Kwathu ku Tsholotsho nkhondo sinathe 1980. Za Gukurahundi, kuphedwa kwa anthu ndi asilikali a boma ufulu utabwera kale, ana adzamva kwa ndani? Pa 22 Disembala amakhala pa holide ya Unity Day osadziwa kuti Mugabe ndi Nkomo anasainirana chiyani mu 1987, ndi kuti chisanafike chimenecho anthu wamba ambirimbiri anaphedwa ku Matabeleland ndi Midlands.

Achimwene Aakulu: Alamu, nkhani imeneyo ndi yolemera. Pakhomo paja mipanda ndi yaifupi, ndipo ana amakatulutsa mawu kusukulu osadziwa kuti akulankhula ndi ndani. Ine ndimati za ndale tizisiye.

Mayi a Tadala: Sindikunena za chipani chilichonse. Ndikunena za azakhali anga omwe sanabwerere. Tadala ndi magazi anu, ndi magazi awonso. Ngati amva za chitupa chanu, amvenso za kwa amayi ake.

Bambo a Tadala: Achimwene, mayi a Tadala akunena zoona. Sindinawaonepo akuikamba nkhaniyi pagulu, lero ndi koyamba.

Aphunzitsi: Ndikuona chonchi. Ana aang'ono akadya apite kukasewera. Otsala a sekondale tilowe nawo m'nyumba, alamu akambe okha momwe akufunira, popanda wojambula. Unity Accord, mgwirizano wa Mugabe ndi Nkomo uja, imabwera pa mayeso, ndipo mwana wolemba za mgwirizano osadziwa chomwe chinaswekacho amangoloweza.

Achimwene Aakulu: Mwandigonjetsa. Alamu, pepani ngati mawu anga anakulasani. M'chipinda chochezera muli malo, tidzatseka chitseko.

Mayi a Tadala: Zikomo alamu.

Mayi a Chisomo: Tsono za m'mimba. Ndawerenga ana 11, akulu 8. Nyumba iliyonse iponye $5, kaya pa EcoCash kaya pamanja, kwa ine pofika Lachisanu masana. Ndidzadzera ku Mbare Musika kugula matimati, anyezi, repu ndi nkhuku ziwiri. Ufa ulipo achimwene?

Achimwene Aakulu: Ufa ulipo wokwanira. Madzi ndiwo avuta, pampopi patha masiku osatuluka kanthu. Anyamata akafika ayambe apita kuchitsime ndi zigubu. Nkhuni ndagula, magetsi sitingawadalire.

Bambo a Tadala: Ine ndidzatenga a ku Dzivarasekwa ndi a ku Kuwadzana pagalimoto. A ku Glen View ndi Highfield mukwere kombi, si patali. Bolodi lanu achemwali ndidzalidzera Lachisanu madzulo ndikaweruka. Ana akatopa ndi mapepala ndidzawauzako za msewu wa ku Tete nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, momwe tinkayendera pamdipiti wa magalimoto asilikali ali kutsogolo ndi kumbuyo kuchokera pa Nyamapanda mpaka Zobue, tikupita ku maliro a agogo aakazi.

Asuweni a ku Blantyre: Chonde mujambule mawu a amalume pafoni munditumizire. Kumudzi kwatsala mlongo wawo mmodzi yekha, maso anafooka koma makutu ali bwino. Ndidzapita nawo ku Ntcheu mwezi wamawa akamve.

Chisomo: Ndidzajambula ine, foni yanga ili ndi malo. Amalume aakulu, agogo ndingawafunse chifukwa chomwe sanabwererenso kumudzi, kapena adzakhumudwa?

Achimwene Aakulu: Uwafunse mwaulemu, utakhala pansi. Akakhala chete usawakakamize, udikire. Amayankha pakapita kanthawi.

Aphunzitsi: Mwana aliyense abwere ndi kope, cholembera ndi mafunso atatu olemba yekha, osati okopera kwa mnzake. A Form 4 muwerenge za Chitaganya ndi Lancaster House musanafike. Mapepala akale ndafotokopa kale, $2 yake ndidzachotsa pa chopereka changa. Zikayenda bwino tidzapangane ulendo wa ku Heroes Acre mayeso akatha, ndi pafupi ndi kwa achimwene.

Mayi a Chisomo: Bambo a Tadala ndi achemwali ndalandira zanu. Achimwene musapereke, mwagula kale nkhuni. Otsala awiri mukudzidziwa, mawa masana ndikunyamuka kupita kumsika.

Achimwene Aakulu: Ababa akuti tiyambe 8 koloko ndi pemphero, ndipo wochedwa sadzamubwerezera za ku Tete.