Tigule buku liti pakati pa awiriwa?

Anaphiri: Amayi anzanga, ndalama za gulu lathu mwezi uno zingokwanira buku limodzi, tikaphatikiza ndi zotumizira kuchokera kunja. Mwatchula awiri: *Ultra-Processed People* la Chris van Tulleken, dokotala wa ku London, lonena za zakudya zopangidwa m'mafakitale, lomwe linatuluka mu 2023, ndi *The New Menopause* la Mary Claire Haver, dokotala wa amayi wa ku Texas, lonena za kusiya kusamba, la mu 2024. Tiyeni tigwirizane chimodzi.

Anabanda: Ine ndili kumbali ya van Tulleken. Iyeyu, pofuna kuona zotsatira zake, kwa mwezi wathunthu ankadya kwambiri zakudya zopangidwa m'mafakitale, moti ananenepa ndipo tulo tinkamuvuta. Akufotokozanso kafukufuku wa wasayansi Kevin Hall wa mu 2019 ku America, pomwe anthu 20 atapatsidwa zakudya zoterezi ankadya makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 oonjezera patsiku poyerekeza ndi pamene ankadya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe. Taonani mmene mabisiketi, soseji ndi zakumwa za shuga zadzazira m'magolosale mwathu, mpaka mwana amakana mbatata yootcha pofuna za m'mapaketi.

Anachisale: Anabanda, zimenezo n'zoona, koma ambirife tili pakati pa zaka 45 ndi 55, msinkhu wosiya kusamba, ndipo nkhaniyi ngakhale anamkungwi saikamba momasuka. Mayi amadzuka pakati pa usiku malaya atanyowa ndi thukuta, mtima ukugunda, n'kumaganiza kuti ndi malungo kapena wina wamuchita chipongwe. Buku la Haver likufotokoza kuti gwero lake ndi kuchepa kwa mahomoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa msambo), komwe kumafooketsanso mafupa, komanso mmene kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative wa mu 2002 anaopsezera amayi ndi madokotala omwe pa za mankhwala a mahomoni.

Anangondo: Nkhawa yanga ndi yakuti Haver akulembera mayi wa ku America amene angathe kusankha dokotala ndi kugula mankhwalawo mosavuta. Ife tikawerenga mbali imeneyo tidzangokhala ndi chidziwitso chopanda kochigwiritsira ntchito.

Anachisale: Kudziwa chimene chikukuchitikira m'thupi n'kothandiza kale, Anangondo, chifukwa ukapita kuchipatala umafotokoza bwino. Likunenanso za kadyedwe ndi kulimbitsa thupi, ndipo usipa umene timadya ndi minga yomwe uli ndi kashiyamu wofunika ku mafupa.

Anaphiri: Pamenepa ndikutsamira ku la Haver, chifukwa za zakudya timamvako pa wailesi, koma za kusiya kusamba palibe amene amatiuza. Amene akutsutsa anene lisanafike Lachisanu.