Diso lofiira kuno ku Joni, thandizeni abale

NaChisale: Mwana wanga wadzuka diso lili psuu, misozi ikungotuluka, akuti mukumveka ngati muli mchenga ndiye lero linalo layambanso. Sabata yatha anali ndi chimfine. Ndigule chani ku famasi?

Wa ku Rosettenville: Achemwali zikuoneka ngati za vayirasi zimenezo, zimakonda kubwera ndi chimfine, ma antibayotiki sagwira, zimatha zokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Muzimuika kansalu koyera konyowa madzi ozizira, azisamba m'manja, thawulo ndi pilo zikhale zake yekha. Ife tinapatsirana chipinda chonse kaamba ka thawulo limodzi.

Gogo wa ku Turffontein: Mwanawe musathiremo mkaka wa m'mawere olo mkodzo ngati kumudzi chonde. Likamapweteka kwambiri, akamaopa kuwala kapena akamaona mwachimbuuzi thamangani ku kiliniki, zikavuta amatumiza ku St John, chipatala cha maso cha ku Bara (Baragwanath) ku Soweto.