Buku la machenjera a pankhondo la madola 15: ndigule kapena ndilisiye?

aBanda a ku Mufakose: Abale, ndithandizeni maganizo. Ndikutsika kombi pa Copacabana, mu Harare muno, masana ano ndapeza mnyamata atayala mabuku akale pa chisaka. Pali lina lalikulu la Chingerezi, lachikuto cholimba, lonena za mmene asilikali amapusitsirana pankhondo, makamaka ndi sitima zapamadzi. Akuti madola 15. Ndatchula 8, wangondiseka. Chandikoka n'chakuti ndaonamo mutu wa Madagascar, ndipo malemu agogo anga anali asilikali a KAR (King's African Rifles), anafikako kumeneko pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asanabwere kuno kudzagwira ntchito. Mnyamatayo akuti ndifulumire, pali bwana wina akubwera kudzalitenga 5 koloko.

Mayi a Tadala: Madola 15 pa buku lakale, achimwene? Kwathu kuno ku Dzivarasekwa imeneyo ndi ufa ndi mafuta ophikira, yotsala ya kombi. Nkhani za nkhondo zili mbwee pa YouTube.

aPhiri a ku Highfield: Mayi, YouTube imadya data, ndipo magetsi akathima imathima nawo. Koma aBanda, musanatulutse ndalama mvetsetsani kuti za Madagascar zili pawiri. Koyamba ndi pa 5 Meyi 1942, pamene Angelezi anakalanda doko la Diego Suarez kumpoto kwenikweni kwa chilumbacho, lomwe linali m'manja mwa Afalansa a boma la Vichy, lomwe linkagwirizana ndi Ajeremani. Mizinga ya Afalansa inkalondera khomo la doko, chakum'mawa. Ndiye sitima ina yotchedwa Hermione inapita mbali ya kum'mawa komweko n'kumachita phokoso ngati asilikali akutsika, ndege zikugwetsa zidole pa maparachuti, pamene asilikali enieni ankatsikira kumadzulo, ku Courrier Bay. Anthu akwathu a Nyasaland ntchito yawo yaikulu inadza pambuyo pake, mu Seputembala, atatsikira ku Majunga n'kuyamba ulendo wa ku Tananarive, mpaka Afalansa anagonja mu Novembala. Ngati bukulo likuthera pa zidole za mu Meyi, agogo anu simuwapezamo.

aBanda a ku Mufakose: Zoona aphunzitsi, Majunga ndi dzina limene ankalitchulatchula. Zina sankafotokoza, ankangoti milatho yonse anaipeza yogumulidwa, mitengo itagwetsedwa mumsewu.

Yamikani: Ine ndilankhuleko ngati mwana, mundikhululukire akuluakulu. Mabuku amenewa ndawerengapo awiri, ndipo onse amangozungulira pa nkhani zomwezomwezo. Mtembo umene anauveka yunifolomu n'kuutaya m'nyanja pafupi ndi Huelva ku Spain mu Epulo 1943, uli ndi makalata abodza oti Ajeremani aziyang'ana ku Greece ndi Sardinia pamene nkhondo ikupita ku Sicily. Kenako gulu lankhondo la kazembe Patton wa ku America lomwe kunalibe, loti Hitler adikire ku Pas de Calais ku France mu 1944 pamene nkhondo ikupita ku Normandy. Zokoma kumva, koma amazilemba ngati wochenjera ndi Mngelezi yekha, enawo zitsiru. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

aPhiri a ku Highfield: Zitsiru ayi, ndipo ndi chifukwa chake ntchitoyo inali yovuta. Taganiza usiku wa pa 5 kuchera pa 6 Juni 1944, asilikali akupita kukatsikira ku Normandy. Ndege za Angelezi zinkauluka mozungulira pamwamba pa nyanja zikumwaza tizidutswa ta aluminiyamu, ulendo uliwonse zikusunthira kutsogolo pang'ono pokha, mogwirizana ndi liwiro la sitima, kuti pa radar ya Ajeremani zioneke ngati gulu lalikulu la sitima likuyandikira gombe lina. Pansi pake timaboti tochepa tikukoka mabaluni. Woyendetsa ndege akachedwa kukhota, sitima zabodzazo zikanaoneka ngati zalumpha. Zinthu zotere umafuna mapu pamaso, chala chikutsatira. Pa foni sizimveka.

Yamikani: Chabwino, ndiye aBanda alipime chonchi: atsegule kumapeto kumene kuli mndandanda wa mayina, afufuze Leyte, ku Philippines. Mu Okutobala 1944 Ajapani anaika nyambo, sitima zonyamula ndege za Ozawa zomwe zinali zitatsala ndi ndege zochepa, kuti Halsey wa ku America azithamangitse kumpoto. Halsey anameza nyamboyo ndithu, n'kusiya njira yotseguka. Koma Kurita, mkulu wa gulu lina la sitima za Ajapani, yemwe anayenera kupezerapo mwayi, anamenya pang'ono n'kubwerera, ndipo sitima zinayi zonyamula ndege zija zinamira. Bodza linagwira, nkhondo anagonja. Buku lopanda nkhani ngati imeneyi silokwana madola 15.

Abambo a Chisomo: Ndakhala chete ndikuwerenga. Funso langa ndi lina: buku lophunzitsa kunama tiliike m'nyumba momwe muli ana? Ife a mpingo timavutika kale ndi achinyamata.

Mayi a Tadala: Kikiki, akulu a mpingo, inu amene Loweruka lililonse pa bawo mumayang'anitsitsa dzenje lina dzanja likupita kwina?

Abambo a Chisomo: Amenewo ndi masewera, mayi.

aPhiri a ku Highfield: Funso lawo ndi labwino, musaliseke. Ngakhale malamulo a nkhondo amasiyanitsa. Mu pangano lowonjezera la Geneva la 1977, gawo 37 limalola kubisa zida, kuika zidole, kuyerekeza kuukira kwina ndi kufalitsa uthenga wosokoneza mdani. Chimene limaletsa ndi kudyera masuku pamutu chikhulupiriro cha mnzako: kukweza mbendera yoyera ngati ukugonja kenako n'kuombera, kapena kudziyesa wovulala kapena munthu wamba kuti umuphe. Mwana atawerenga n'kumvetsa kusiyana kumeneku, sindingati waonongeka.

Nabanda ku Epworth: Ine za mizinga sindizidziwa, koma nkhondo ya 1991 yochotsa asilikali a Iraq mu Kuwait ndikuikumbukira, tinkamvera pa wailesi ya bambo. Aliyense ankati Aamerika alowa Kuwait kudzera kunyanja.

Yamikani: Ndi zimene ankafuna kuti Saddam akhulupirire, azakhali. Asilikali a Marines masauzande ambiri anakhala m'sitima pa Gulf, atolankhani akuonetsedwa akuyeserera kutsika pagombe. A Iraq anaunjika magulu awo m'mphepete mwa nyanja, pamene Schwarzkopf, mkulu wa asilikali a ku America, anazungulira kuchipululu kumadzulo. Komabe sizinali zaulere, pa 18 Febuluwale sitima ziwiri, Tripoli ndi Princeton, zinagunda mabomba a m'madzi tsiku limodzi. Kuti mdani akhulupirire umayenera kuyandikira mpaka pamene angakupweteke.

Mayi a Tadala: Ndiye onani, mwafotokozerana nokhanokha zonse popanda kulipira. Bukulo n'lachiyaninso?

aBanda a ku Mufakose: Ndabwererako, ndili pomwepa. Ndalipima monga mwanenera. Leyte ilimo, masamba angapo ndithu, ndi mapu ake. Za Normandy zatenga pafupifupi theka la buku. Madagascar ndi masamba atatu okha, Hermione ndi zidole zija, Majunga mzere umodzi. Ndafufuza Nyasaland ndi King's African Rifles kumapeto, mulibe. Za Kuwait mulibenso, likuthera pa 1945. Kumunsi kwake linanyowapo, masamba ena amatana ndipo likununkha nkhungu.

Nabanda ku Epworth: Nanga bwana wa 5 koloko uja?

aBanda a ku Mufakose: Pano ndi 5:25, sanaoneke. Mtengo watsika wokha kufika pa 10.

Yamikani: Mnyamatayo bukulo analiwerenga ndithu, bwana ameneyo ndi gulu la Patton lija.

Mayi a Tadala: Ngakhale 10, achimwene, mumafuna agogo anu ndipo mulibemo. Sungani ndalamayo, mukadzapita kumudzi mudzakafike ku Zomba pa chipilala cha KAR, mwina kumeneko mtima udzakhala pansi.

aBanda a ku Mufakose: Mwanena zoona mlongo wanga. Ndalibweza pa chisaka. Ndalowa pamzere wa kombi.

aPhiri a ku Highfield: Dikirani kaye! Mapu a Leyte mwati alimo athunthu? Pa 10 ine ndilitenga, nkhungu ndikaiyanika padzuwa. Bwererani mumuuze asunge, mawa m'mawa ndibwera ndi ndalama.

aBanda a ku Mufakose: Ndamuuza, aphunzitsi. Atangomva kuti pali mkulu wina wa ku Highfield akulifuna, walichotsa pa chisaka n'kuliika m'chikwama. Akuti mawa ndi 13.