Nkhani ya akuluakulu yojambula m'mabokosi: ndiyambire pati kuti isakawonongeke kwa osindikiza?

Nthambi88:

Moni nonse. Ndili ndi nkhani yolembedwa kale, ya mayi amene akubwerera kumudzi kukaika maliro a bambo ake. Ndikufuna kuijambula kuti ikhale buku la akuluakulu, lija amati graphic novel, osati katuni yoseketsa ya m'nyuzipepala. Ndikuganiza za masamba pafupifupi 50, kukula kwa A5, zakuda ndi zoyera basi, makope 100 poyamba. Ndijambule pa pepala lotani, lalikulu bwanji? Mawu a Chichewa ndiwalowetse bwanji m'mabaluni osaphimba zithunzi? Nanga kwa osindikiza ndikapereke chiyani? Komanso ndikufuna zakale ndi zalero zizioneka pa tsamba limodzi, koma wowerenga asasochere. Zimatheka?

MsokiWaMabuku:

Achemwali, yambani ndi nambala ya masamba, chifukwa 50 siitheka. Buku lomanga ndi masitepulo pakati limapangidwa ndi mapepala opinda pawiri, ndipo pepala limodzi la A4 mukalipinda limakupatsani masamba anayi a A5. Choncho nambala yanu iyenera kugawika ndi 4, kaya 48 kaya 52. Tengani 48. Amenewo ndi mapepala 12, chikuto chili padera. Mukapitirira kwambiri 60 pa pepala la 80gsm (nambala ya gsm imasonyeza kulemera kwa pepala), buku limakana kutsekeka, limangoyasama. Komanso mapepala apakati amatulukira kunja kuposa anzawo, ndiye akamadula kuti m'mphepete mufanane, apakatiwo ndi amene amadyedwa kwambiri. N'chifukwa chake mawu ndi nkhope zizikhala 10mm kuchoka m'mphepete mwa tsamba.

Musanagwire inki, tengani mapepala 12 otha ntchito, muwapinde, mubaye sitepulo, mulembe manambala 1 mpaka 48. Kenaka chotsani sitepulo ija muone. Pepala lakunja lili ndi 48 kumanzere ndi 1 kumanja, kuseri kwake kuli 2 ndi 47. Masamba awiri aliwonse ogundana pa pepala limodzi, mukaphatikiza manambala awo, azikwana 49. Akapanda kukwana, penapake mwasokoneza. Muonanso kuti 24 ndi 25 okha ndi amene ali pa pepala limodzi monga momwe wowerenga adzawaonere. Ngati muli ndi chithunzi chimodzi chachikulu chodutsa masamba awiri, monga mwambo wa kumanda, malo ake ndi amenewo. Kwina kulikonse mbali ziwirizo zimasindikizidwa pa mapepala osiyana, ndipo mzere wa denga la nyumba ukhoza kusemphana pakati.

Kabuku kachabechabe komweko mujambulemo nkhani yonse mwachidule ndi pensulo, anthu a timitengo okha. Tsamba la nambala yosagawika ndi 2 limakhala kumanja, linalo kumanzere. Buku likatsegulidwa diso limaona masamba onse awiri nthawi imodzi, ndiye mukaika chinthu chodzidzimutsa pansi pa tsamba 15, wowerenga wachiona kale akadali pa 14. Chiikeni pamwamba pa 16, achipeze atatembenuza. Musaiwalenso kuti pa 48 paja pachoka tsamba la mutu ndi la zokhudza umwini wa buku. Nkhani yeniyeni itsala ndi 46.

InkiYakuda:

Za pepala ndi inki. Ambiri amajambula chachikulu n'kuchepetsa posindikiza, chifukwa kuchepetsa kumabisa kunjenjemera kwa dzanja. Pa buku la A5 jambulani pa A4. Mapepala awiriwa ndi ofanana maumbidwe, mumangochepetsa kufika pa 71 peresenti ndipo zonse zimakwana. A3 ndi yaikulu mopyola: mudzachepetsa ndi theka, timizere tonse tating'ono timene munavutika nato tidzaphatikana n'kukhala matope.

Pepala la fotokope la 80gsm ndi la pensulo basi. Inki yamadzi imayenderera m'timitsitsi ta pepalalo, mzere n'kumera ubweya, ndipo mukafufuta ndi labala pepala limakwinyika. Pezani lolimba ndi losalala, la 200gsm kupita m'mwamba. Inki ikhale yakuda bii, yosasungunuka ndi madzi ikauma. Bolopeni yakuda imaoneka yakuda m'maso, koma makina amaiona yotuwa ndipo mzere umadukaduka. Mukatha kupaka inki dikirani iume ndithu musanafufute pensulo, makamaka pamene mwadzaza chakuda chambiri, apo ayi labala amakoka inki n'kusiya mchira. Ngati mugwiritsa zolembera zojambulira zija za manambala osonyeza kukula kwa nsonga, musatsike pa 0.3 pa A4, chifukwa 0.1 ikachepetsedwa imasowa pa fotokope.

Posikana ndi pamene ambiri amaphera ntchito yawo. Chojambula cha mizere yakuda pa pepala loyera musachisunge ngati chithunzi chojambula ndi kamera. Sikanani pa 600dpi (timadontho 600 pa inchi) kapena kuposa, kenaka pa kompyuta musandutse kuti kadontho kalikonse kakhale kakuda kapena koyera, popanda kotuwa pakati. Mu GIMP ndi mu Photoshop, mapulogalamu okonzera zithunzi, chida chake chimatchedwa Threshold. Mukachisiya chotuwa pa 300dpi, makina osindikiza amayesa kutulutsa kutuwa kwa m'mphepete mwa mzere ndi timadontho, ndiye mzere umene unali wakuthwa umatuluka ngati wadyedwa ndi chiswe. Sungani monga fayilo ya mtundu wa TIFF kapena PNG. JPEG imasiya litsiro mozungulira zilembo, ndipo kutumiza pa WhatsApp monga chithunzi kumawonongeratu zonse. Kujambula tsamba ndi foni m'malo mwa sikana kumapotoza mabokosi ndiponso kumadetsa ngodya imodzi.

Kwa osindikiza perekani PDF imodzi, tsamba lililonse palokha, motsatana 1 mpaka 48, kukula 148mm ndi 210mm. Afunseni ngati kusanja masamba pa mapepala achita okha kapena muchite inu, chifukwa mukachita nonse awiri buku lituluka masamba atasokonekera. Ngati chithunzi chikufika mpaka kumapeto kwa tsamba, chipitirizeni ndi 3mm kunja kuti mpeni udule m'kati mwa inki. Koma dziwani kuti makina a fotokope sasindikiza mpaka kumphepete kwa A4, amasiya kamzere koyera kuzungulira. Ngati ndi amenewo mudzagwiritse, siyani malire oyera pa masamba onse, mupume.

Mayi_Zilembo:

Ndiyankhepo za mawu, chifukwa pamenepa Chichewa chili ndi vuto lakelake. Malangizo ambiri a akunja amati baluni imodzi isapitirire mawu 25. Amenewo ndi mawu a Chingerezi, ambiri a zilembo zitatu kapena zinayi. Kwathu "sindinakuuzeni" ndi liwu limodzi, koma lili ndi zilembo 14. Mawu 25 otere adzaza bokosi lonse, munthu wolankhulayo n'kutsala chipewa chokha. Werengani zilembo, osati mawu. Pa A5 baluni isapitirire zilembo pafupifupi 100, ikapitirira igaweni pawiri, ina ilumikizike pansi pa inzake. Kugawako kumathandizanso kupuma: mayi uja anene theka, mpata, kenaka atsirize.

Vuto lina ndi maumbidwe. Baluni yabwino imakhala ndi mizere yaifupi pamwamba ndi pansi, yaitali pakati, ngati dzira. Liwu lathu lalitali likagwera pa mzere woyamba limathyola dziralo. Sinthani kasanjidwe ka chiganizo kuti lalitali likhale pakati. Musadule liwu ndi kamzere ngati m'nyuzipepala, m'baluni zimaoneka zonyansa ndipo zimapunthwitsa wowerenga.

Dongosolo lake ndi ili: mawu ayambe kulowa, chithunzi pambuyo. Lembani mawu ndi pensulo m'bokosi, zungulizani baluni, mujambule pa malo otsalawo. Amene amayamba ndi chithunzi amathera pofinya zilembo pakona. Woyamba kulankhula aime kumanzere kwa bokosi, chifukwa diso limayamba baluni ya kumanzere ndi ya pamwamba. Mukamuika kumanja, michira ya mabaluni idzapingasana kapena yankho lidzawerengedwa funso lisanafunsidwe.

Chilembo chachikulu chikhale cha 3mm pa A4, kuti chikachepetsedwa chikhale pafupifupi 2mm. Lembani mizere yotsogolera ndi lula. Mukasankha fonti ya pa kompyuta, yesani kaye ngati ili ndi ŵ, ngati mumamulemba, ndiponso kankhodolero ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'nyumba. Mafonti ambiri a makatuni alibe ŵ, amangoika kabokosi kopanda kanthu kapena chilembo cha fonti ina. Koma pa nkhani ya maliro ngati yanuyi, kulemba pamanja kumagwirizana ndi mzere wa chithunzi kuposa fonti yosalala.

KachereWakale:

Funso lanu lomaliza ndi limene likusiyanitsa buku lanu ndi katuni wamba, ndipo ena analiyesapo kale. Richard McGuire anatulutsa nkhani ya masamba 6 yotchedwa Here mu magazini ya RAW mu 1989, kenaka n'kuikuza kukhala buku lathunthu mu 2014. Diso la wowerenga silisuntha, likuyang'ana ngodya imodzi ya chipinda chimodzi. Chimene chimasintha ndi chaka. M'kati mwa chithunzi chachikulu amatsegula timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse kali ndi chaka chake pakona, ndipo mumaona malo omwewo nthawi zosiyana pa tsamba limodzi. Chimagwira ntchito chifukwa chinthu chimodzi sichisuntha: mizere ya khoma ndi zenera imapitirira kuchoka m'chithunzi chachikulu kulowa m'kabokosi. Mutha kuchita chimodzimodzi ndi khonde la nyumba ya malemu. Jambulani khondelo kamodzi bwinobwino, mulikope pa masamba onse ofunika poika pepala pa galasi la zenera masana, kuti nsanamira ndi chitseko zisasunthe ngakhale pang'ono. Zikasuntha, wowerenga ayesa ndi nyumba ina.

Lamulo lake n'lakuti musankhe chizindikiro chimodzi cha zakale, muchiphunzitse wowerenga msanga, ndipo musachisinthe. Mwachitsanzo, zalero zikhale m'mabokosi a mzere wa lula, zakale m'mabokosi a mzere wa pamanja kapena opanda mzere konse. Kawiri koyamba lembani chaka pakona. Kachitatu simufunikanso kulemba. Cholakwika chofala ndi kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi, mzere wa bokosi, kajambulidwe ndi zilembo, kenaka n'kugwiritsanso chizindikiro chomwecho pa maloto. Apo wowerenga sadziwanso ngati bamboyo akukumbukiridwa kapena akulotedwa. Munthu amene akuoneka ali mwana komanso ali wamkulu mumupatse chinthu chosasintha, kaya mpata wa m'mano kaya chipsera pa chipumi.

Kuti zachilendozi zimveke, masamba enawo akhale odekha. Sankhani kagawidwe kamodzi, monga mabokosi 6 pa tsamba, awiri m'mbali atatu kutsika, ndipo mukatsatire. Pa A5 mabokosi 9 ndi othina kwa Chichewa. Wowerenga akazolowera 6, tsiku limene mudzamupatse bokosi limodzi lodzaza tsamba lonse adzaima. Mpata wa pakati pa mabokosi oyandikana ukhale wocheperapo kuposa wa pakati pa mizere, monga 4mm ndi 6mm pa A4, kuti diso lipite kumanja lisanatsike.

Pa za kuchepetsa ndisiyane pang'ono ndi a InkiYakuda. Si lamulo. Art Spiegelman anajambula Maus, nkhani ya bambo ake amene anapulumuka ku msasa wachibalo wa a Nazi wa Auschwitz, pa kukula komweko kumene inasindikizidwira, dala, kuti ioneke ngati zolemba za pamanja za munthu. Gawo loyamba linatuluka mu 1986, lachiwiri mu 1991, ndipo mu 1992 analandira mphoto yapadera ya Pulitzer. Nkhani ya m'banja nthawi zina imafuna mzere wosabisa dzanja. Jambulani tsamba limodzi kawiri, pa A4 ndi pa A5, musindikize onse, muone limene likulankhula.

Nthambi88:

Zikomo kwambiri nonse. Chatsala chimodzi: zochitika zambiri ndi za usiku, pa siwa. Ndidetse masamba onse ndi inki, kapena ndigwiritse zotuwa?

InkiYakuda:

Zitengera makina. Fotokope, makamaka yotopa, imalephera chakuda chachikulu: pakati pamatuwa, pamatuluka mizere, ndipo tona (ufa wakuda wa m'makinamo) yochuluka imasweka popinda pepala. Pa 80gsm chakudacho chimaonekeranso kuseri, n'kudetsa tsamba la masana. Ngati masamba ausiku ndi ambiri, kwerani pa 100gsm. Zotuwa za inki yosungunula ndi madzi n'zokongola pa pepala lanu, koma sizidutsa pa Threshold, ziyenera kusikanidwa monga zotuwa, ndipo makina aliwonse amazitulutsa mosiyana, kawirikawiri zakuda kuposa momwe munapakira.

Njira yodalirika ndi timizere topingasa ta pamanja. Ndi takuda ndi toyera basi, choncho makina sangatinamizire, bola pakati pa mzere ndi mzere pakhale mpata wosachepera 1mm pa A4. Ndipo usiku simuusonyeza podetsa paliponse. Sankhani kumene kuwala kukuchokera, kaya moto wa panja pamene pakhala azibambo kaya nyali ya m'nyumba mwa azimayi, musiye zoyera mbali za nkhope zoyang'ana kumeneko, chakuda bii chikhale kumbuyo kwa anthu kokha. Persepolis ya Marjane Satrapi, nkhani inanso yojambula m'mabokosi, ili ndi chakuda chambiri chosalala, koma inasindikizidwa pa makina akuluakulu a mabuku, musayembekezere zomwezo pa makope 100 a fotokope.

Musanalipire onse 100, sindikizani pepala limodzi lokhala ndi tsamba lakuda kwambiri, pa makina omwewo ndi pepala lomwelo, mbali zonse ziwiri. Lipindeni, mupake chala pa chakudacho, muliyang'anitse ku dzuwa kuti muone ngati mabokosi a kutsogolo ndi a kuseri akugwera pamodzi. Akasemphana kuposa 2mm, auzeni akonze makina kapena mukuze malire oyera.